Mukuti wakulumani kangaude? Werengani kaye musanapake adyo ndi Colgate

Mvula ikangoyamba nkhani yake imakhala yomweyomweyi, munthu wagona bwinobwino kudzuka mmawa pamkono patupa, kapena pantchafu pali kachotupa kowotcha, ndiye pakhomo aliyense amasanduka dokotala. Wina akuti pakani Colgate, wina wayamba kale kusinja adyo, wina akuti kuseri kwa msika kuli bambo wina amatema mphini za zimenezi, ndipo onsewa agwirizana kuti ndi kangaude pomwe palibe olo mmodzi amene wamuona kangaudeyo. Pakatha masabata awiri zachitikanso, ulendo uno kwa mwana. Chithandizo cha pakhomo chilipo ndithu ndipo nchosavuta, koma chimene chimapweteketsa anthu kwambiri ndi zopakapaka zija, komanso kulimbana ndi kangaude pomwe vuto lili kwina.

Kodi mwamuona kangaudeyo?

Ili ndiye funso loyamba, ndipo anthu ambiri yankho lawo limakhala lakuti ayi. Ku California dokotala wina dzina lake Jeffrey Suchard anatsatira anthu 182 amene anafika kuchipatala akunena kuti alumidwa ndi kangaude, zotsatira zake zinatuluka mu 2011, amene anapezeka kuti analumidwadi anali 7 okha, ndipo oposa 85 pa 100 aliwonse linali vuto la mabakiteriya pakhungu, zithupsa ndi zina zotero. Uko ndi ku America koma khungu ndi khungu basi. Kangaude sayamwa magazi a munthu, alibe nanu ntchito, amaluma pokhapokha mwamupanikiza, mwina mwamugonera, mwavala malaya ali momwemo kapena mwapisa dzanja mmene amakhala. Ndipo amaluma kamodzi nkuthawa. Nde ngati mwadzuka ndi totupa tisanu tandondozana pamsana, musavutike nkuyang'ana kudenga, tembenuzani matiresi muone mmisoko, mukapeza timadontho takuda ndi tamagazi ndi nsikidzi zimenezo. Ngati kuyabwa kuli pakati pa zala, m'chiuno, ndipo kumanyanya usiku komanso ena mnyumbamo akukanda, ganizirani mphere.

Pali zinanso zimene zimanamiziridwa kangaude. Chithupsa chimayamba ngati kachiphuphu kolimba kopweteka, kumakula masiku angapo mpaka kuchita mutu wa mafinya. Mashingozi amayamba ndi kuwotcha kapena kulasalasa mbali imodzi yokha ya thupi, kenako matuza ang'onoang'ono ambiri atandana mzere kuchoka kumsana kubwera kuchifuwa kapena kumaso, awa musachedwe nawo chifukwa mankhwala ake a acyclovir amagwira bwino mukayamba pasanathe maola 72 chitulukireni matuzawo. Ndiye pali mphutsi ija ya ntchentche imene imaikira mazira pa zovala zoyanika pansi kapena pamthunzi, iyo imapanga chotupa chokhala ndi kabowo pakati ndipo pena mumamva chinthu chikuyenda mkatimo, mukamata Vaseline wambiri pakabowopo kamphutsi kamasowa mpweya nkutulutsa mutu. Kusita zovala, makamaka matewera ndi zamkati, ndi kumene kumathetsa imeneyo, osati kupopera Doom.

Ziwiri izi ndiye ndizitsindike. Chilonda chokhala ndi nkhanambo yakuda bii pakati, chotupa mmbali koma chosapweteka kwenikweni, kwa munthu amene wasenda kapena kugwira nyama ya ng'ombe kaya mvuu yofa yokha, chimenecho chikhoza kukhala anthrax, matenda amene anavuta ku Zambia mu 2023, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo mukanene za nyamayo. Chinanso, munthu wogona pansi akadzidzimuka usiku ndi ululu woopsa ndipo dzanja kapena phazi likutupa mofulumira kukwera mmwamba, ameneyo muzimuona ngati walumidwa ndi njoka kufikira achipatala atanena zina. Kangaude satupitsa mkono wonse mu ola limodzi.

Chabwino, mwamuonadi, kapena palibe china chikugwirizana

Akangaude ambiri amene timakhala nawo mnyumba, olo chachikulu chija chimatambalala pakhoma mvula ikamabwera, akaluma zimangopweteka, kutupa pang'ono, kuyabwa, pakatha tsiku limodzi mpaka atatu zatha. Ngakhale chaubweya chokhala kuuna chija, kuluma kwake nkowawa zedi koma nthawi zambiri zimathera pomwepo. Ndiye choyamba sambitsani pamalopo ndi sopo ndi madzi oyera, sopo wamba yemweyo wochapira, musakhule ndi mwala kapena chinkhupule, kungosambitsa bwinobwino nkupukuta ndi kansalu koyera. Ngati ndi pachala vulani mphete nthawi yomweyo chala chisanatupe, zibangili ndi wotchi chimodzimodzi.

Kenako kuziziritsa. Tengani ayisi mumukulunge mkansalu, musamuike pakhungu mwachindunji, ikani mphindi 10 chotsani mphindi 10, kubwereza choncho kangapo. Mulibe fuliji kapena magetsi azima? Mafilizesi a pa okala amagwira ntchito yomweyo, botolo la chakumwa chozizira, olo kansalu konyika mmadzi a mumtsuko nkumakasinthasintha. Kuzizira kumachepetsa ululu ndi kutupa. Pano ndi pamene ambiri amasokoneza, chifukwa tinazolowera kuti chotupa chilichonse timathowa ndi madzi otentha. Kuthowa kumathandiza chithupsa kuti chipse, zoona, koma poluma kangaude tsiku loyamba ndi lachiwiri ikani chozizira. Ngati ndi mwendo kapena mkono ukwezeni pa pilo, ndipo tsiku limenelo za kumunda kapena kupalasa kabaza zidikire kaye ngati nkotheka.

Ululu, Panado. Wamkulu mapiritsi awiri a 500mg, kudikira maola osachepera 4 mpaka 6 musanamwenso, osapitirira mapiritsi 8 pa tsiku, ndipo samalani chifukwa mankhwala ambiri a chimfine alinso ndi paracetamol mkati ndiye mukhoza kuwirikiza osadziwa. Brufen amathandizanso kutupa koma mumwe mutadya, ndipo ngati muli ndi zilonda za mmimba, vuto la impso kapena ndinu oyembekezera msiyeni. Mwana asapatsidwe aspirin, ndipo mlingo wa Panado wa mwana umayendera kulemera kwake, funsani ku famase kapena kwa azaumoyo mmalo mongothyola piritsi la akulu mwachisawawa. Kuyabwa kukanyanya pali Piriton, koma amagonetsa, madalaivala ndi anjinga zamoto dziwani zimenezo, cetirizine ndiye sagonetsa kwambiri. Zopaka zomveka ndi calamine kapena hydrocortisone wa 1%, pakhungu losang'ambika.

Za mnyumba zimene sizipweteka munthu zilipo zochepa. Soda wophikira uja mukamusakaniza ndi timadzi pang'ono nkukhala phalaphala, kupaka mphindi zingapo nkutsuka, ena amamva kuyabwa kukuchepa. Madzi a mkati mwa tsamba la aloe vera amaziziritsanso, bola tsambalo mwalitsuka ndipo pakhungupo sipanatseguke. Koma tisanamizane, palibe chimodzi mwa izi chimene chimakoka poizoni, poizoni wa kangaude ndi kadontho kochepetsetsa ndipo akangolowa walowa, zimenezi zimangothandiza kuti musakande. Ndipo kusakanda ndiye nkhani yaikulu, zikhadabo zathu zimanyamula dothi lambiri, kachotupa kamene kakanatha lokha Lachitatu kamasanduka chilonda cha mwezi chifukwa chokanda. Mwana muwengeni zikhadabo ndipo pamalopo muphimbe ndi pulasitala kapena bandeji yosathina.

Tsopano kanthu kamene ndimakakonda chifukwa nkaulere. Tengani bolopeni mujambule mzere kuzungulira pamene kutupa kwathera, lembani nthawi pambali, jambulani ndi foni. Mawa nthawi yomweyo yang'ananinso. Pakhungu lathu lakudali kufiira sikuoneka bwino ngati mmene amalembera mmabuku, ndiye muziyang'ana kunyezimira kwa khungu, kuderako kuposa mbali zina, kulimba, ndi kutentha mukagusa ndi kuseri kwa dzanja nkuyerekeza ndi mbali inayo. Kutupa kukakhala mkati mwa mzere kapena kukubwerera, muli bwino. Kukadumpha mzere, pakhomo pakwana. Nchifukwa chake sindilimbikitsa kuthira GV pachiyambi pomwe, amadetsa malo onse ndiye inu olo adokotala simuonanso kuti khungu likusintha bwanji.

Izi ndiye ayi

Kutema ndi lezala kuti magazi oipa atuluke, ayi. Kuyamwa ndi pakamwa, ayi, mukungothira mabakiteriya a mkamwa pachilonda. Kumanga mkono ndi chingwe kapena mphira wa njinga kuti poizoni asayende, kumeneko ndi kupha mkono wabwinobwino. Adyo wosinja womangirira ndi nsalu usiku wonse amawotcha khungu mpaka matuza, ndiye mmawa anthu amati mwaona poizoni uja akutuluka, pomwe chawotcha ndi adyo. Colgate ndi wa mano. Palafini, petulo, mafuta a mabuleki, madzi a batire, Jik, izi sizoyenera kuyandikira khungu la munthu nkomwe koma anthu amapaka ndithu. Phulusa, dothi, ndowe, fodya wotafuna, apa ndiye mukuitana kafumbata. Kamwala kakuda kaja kamene ena amasunga kuti nka njoka sikachotsa poizoni, kaya wa njoka kaya wa kangaude, kamangomata pa magazi basi ndipo kuti kamate mumayamba mwatema, vuto lina kale limenelo.

Ndiye pali chizolowezi chotsegula kapisozi wa amoxicillin nkuwaza ufa wake pachilonda, kapena kugula ma antibiotic anayi pa golosale kumwa masiku awiri nkusiya. Poizoni wa kangaude samva antibiotic. Antibiotic amafunika pokhapokha chilonda chalowa mabakiteriya, ndipo mtundu wake ndi masiku ake akuuzeni achipatala, apo ayi tsiku limene mudzawafunedi mankhwalawo adzakhala atasiya kugwira.

Akangaude amene sitichita nawo masewera

Alipo ochepa koma muwadziwe. Woyamba ndi amene ku South Africa amamutcha button spider, m'bale wake wa black widow wa ku America, asayansi amati Latrodectus. Ndi wamng'ono, mimba yake yozungulira yosalala pafupifupi sentimita imodzi, miyendo yowonda. Wabulauni ndi amene amakonda pakhomo pa anthu ndipo ali ponseponse mu Africa muno, pansi pa mimba ali ndi chizindikiro cha olenji kapena chofiira, ukonde wake ndi wosalongosoka, wangoti pirikiti pakona, ndipo chomuzindikirira chosavuta ndi timipira ta mazira totuwa tokhala ndi timingaminga. Tembenuzani mpando wa pulasitiki umene umakhala pakhonde, yang'anani pansi pa mawindo, kuseri kwa chitseko cha bafa, pansi pa chivindikiro cha chimbudzi chokumba, mukatipeza timipirato mwini wake ali pafupi. Wakuda ndiye woopsa kwambiri, amakhala ndi kofiira pamsana, mazira ake ndi osalala, amakonda kutchire ndi mminda. Abale amene muli ku Western Cape mukugwira ntchito mminda ya tirigu ndi mphesa, ameneyo ndi wa kwanuko.

Poizoni wa ameneyu amagwira mitsempha, ndiye pamene walumapo pakhoza kungooneka kadontho kachabechabe koma munthu akuvutika. Ululu umayamba pamalopo, pakangopita mphindi zochepa wafika mkhwapa kapena mphechepeche, mkati mwa ola limodzi kapena awiri minofu yayamba kukokana, msana, ntchafu, chifuwa kuthina, mimba kuuma gwa, thukuta kuchita kunyowetsa zovala, munthu kusakhazikika, pena kusanza ndi BP kukwera. Mukaona izi musadikire kuti kuche ndipo musayambe za soda ndi aloe vera, ikani chozizira pamalopo, pezani transipoti. Ana aang'ono, okalamba, amayi oyembekezera ndi odwala mtima kapena BP, awa apite olo zizindikiro zisanayambe ngati kangaudeyo mwamuzindikira. Kufa nako sikuchitikachitika, koma ululu wake Panado sauthetsa, kuchipatala kuli mankhwala amphamvu a ululu ndipo amamuyang'anira kapumidwe. Mankhwala opha poizoni wa button spider alipo, amapangidwa ku Johannesburg ndi South African Vaccine Producers, amaperekedwa kudzera mumtsempha kuchipatala kokha kwa amene zawavuta kwambiri. Chofunika mukafika nenani kuti mukuganizira kangaude ndi nthawi imene zinachitika, chifukwa mimba youma ija imafanana ndi matenda ena a mmimba ofuna opaleshoni.

Gulu lina ndi la amene poizoni wawo amawononga khungu. Violin spider ndi wabulauni, miyendo yaitali yowonda, amabisala mmalo amdima, mmakatoni, kuseri kwa zithunzi zapakhoma, mzovala zimene zakhalitsa osavalidwa. Kuipa kwake poluma simumva kanthu kwenikweni, tsiku loyamba kachotupa wamba, lachiwiri kapena lachitatu pakati payamba kuda kapena kuchita thuza, pakatha sabata khungu la pakatipo lafa nkusiya chilonda chokumbika chimene chimatenga masabata ambiri kuti chipole. Pali winanso wotuwira chachikasu wa kukamwa kwakuda, sac spider, amene amaluka kathumba koyera mmapindo a makatani ndi mmakona a denga nkumayendayenda usiku, ameneyu ndiye amapezeka pabedi kawirikawiri, amaluma mowawa koma nthawi zambiri zimapola popanda zambiri. Awiriwa mankhwala opha poizoni wawo kuno kulibe, chithandizo ndi kusamala chilonda. Nde mukaona pakati payamba kuda musachotse nkhanamboyo ndi lezala kapena singano, musafinye, pitani akaone, akatsuke, ndipo ngati papita zaka zambiri chibayitsireni katemera wa kafumbata kapena simukukumbuka nkomwe, nenani akubayeni.

Kupatula zimenezo, zina zokuthamangitsani ndi izi, milomo kapena maso kutupa, zidzolo thupi lonse, kubanika, chizungulire, apo thupi ladana ndi poizoniyo ndipo mphindi iliyonse ndi yofunika. Pakapita masiku awiri atatu ululu ukuwonjezeka mmalo mochepa, mafinya, fungo, mzere wotentha wopweteka ukukwera mkono, mwanabere, thupi kutentha ndi kuzizidwa. Thupi likatentha musangoti ndi kangaude yemwe uja, kayezetseni malungo, zinthu ziwiri zimatha kukumana. Odwala shuga ndi amene chitetezo chawo chatsika, inu kachilonda kalikonse makamaka kuphazi musakasunge pakhomo kupitirira tsiku. Simukuyenera kuyambira ku Queens kapena ku Kamuzu Central ayi, health centre yapafupi ndi poyambira pabwino, akaona kuti zawakulira akutumizani okha. Ngati muli kutali mukhoza kuyamba mwaimba Chipatala cha pa Foni akulangizeni, ndipo amene muli ku Joni nambala ya Poisons Information Helpline ndi 0861 555 777, imagwira usana ndi usiku. Kangaudeyo ngati mwamupha musamutaye, muikeni mkabotolo olo ali wophwanyika, kapena mjambuleni pamsana ndi pamimba, koma musalumidwe kachiwiri pofuna chithunzi.

Nanga bwanji zikungobwerabwera?

Ngati ndi akangaude enieni ndiye kuti pali pamene mukukumana nawo tsiku ndi tsiku. Zovala zopachika pa msomali kukhoma, jombo zosiyidwa pakhonde, thaulo la kubafa, bulangete limene linali musutikesi chichokereni mwezi wa Julaye, zonsezi kutumulani musanagwiritse ntchito, nsapato muzigogoda pansi mutazizondotsa. Bedi lisagunde khoma, zofunda zisalendewere mpaka pansi, neti muziipisira pansi pa matiresi mbali zonse, neti yomweyo ya udzudzu imatchinga zambiri. Mulu wa nkhuni, njerwa, malata akale, matayala, zichoke pafupi ndi khomo, ndipo potola nkhuni kapena kutapa chimanga munkhokwe yambani mwagogoda ndi mtengo musanapise dzanja. Kuchimbudzi usiku tengani tochi, foni yomweyo ili nayo. Sabata iliyonse tsache lidutse mmakona, pansi pa mipando ndi kuseri kwa makabati, ndipo timipira ta mazira tija musangotigwetsa, tiphwanyeni ndi nsapato, kamodzi kokha kamatulutsa ana oposa 100. Doom amapha yekhayo amene wamupopera mwachindunji, mazira ali mkathumba sawafika bwino, nde tsache limaposa. Babu la pakhonde loyaka usiku wonse limaitana tizilombo touluka ndipo akangaude amatsatira chakudya, ngati nkotheka lisakhale pamwamba penipeni pa chitseko kapena windo la kuchipinda. Analimata a pakhoma aja asiyeni, amadya tizilombo tomwe akangaude amadzera.

Koma ngati mwasesa, mwakutumula, neti ili bwino, ndipo munthu mmodzi yemweyo akungotuluka zotupa za mafinya mwezi ndi mwezi, mkhwapa, mmatako, mntchafu, pamenepo kangaude mumusiye. Zimenezo ndi zithupsa, mabakiteriya ake amakhala pakhungu ndi mmphuno mwa munthu ndipo amayenda kudzera pa thaulo limodzi la banja lonse, lezala yobwerekana, makina ometera osatsukidwa ndi zofunda. Aliyense akhale ndi thaulo lake, zofunda zichapidwe nkuyanikidwa padzuwa kenako kusita, chithupsa chikaphulika chiphimbidwe ndipo mmanja musambe ndi sopo mukachigwira. Cha pamphuno kapena pamlomo wammwamba musachifinye olo chitapsa bwanji. Ndipo mukapita kuchipatala ulendo uno musangolandira mankhwala nkubwerera, auzeni kuti aka nkachingati chaka chino, mupemphe akuyezeni shuga ndi HIV, chifukwa zithupsa zobwerezabwereza pena ndi mmene matenda awiriwa amayambira kudzionetsa.